Mmene mungagwiritsire ntchito liwu la Chingerezi loti "keen" osaphonya

Liwu loti "keen" lili ndi malembo anayi okha, koma ndaona anthu ophunzira bwino ndithu akupunthwa nalo, makamaka polemba kalata yofunsira ntchito kapena yopempha malo a sukulu. Tanthauzo lake ambiri amalidziwa: kufunitsitsa, kukhala ndi chidwi, kuchita chinthu mtima uli pomwepo. Chimene chimawagwetsa ndi kaliwu kotsatira. Mukatsatiza "to" mwanena china, mukatsatiza "on" mwanena chinanso, ndipo mukanena "keen on" kenako n'kutchula munthu, mutha kuulula chikondi chimene mulibe. Ndakhala ndikuwongola ziganizo zotere kwa zaka zambiri, ndipo zimandipweteka kuona munthu waluso akuoneka ngati sadziwa kanthu chifukwa cha timalembo tiwiri. Tiyeni tiyende nalo pang'onopang'ono.

Choyamba: litchuleni bwino

M'Chichewa tili ndi malembo aliwu asanu, a, e, i, o, u, ndipo "i" wathu ndi mmodzi basi. Chingerezi chimasiyanitsa "i" wautali ndi "i" wamfupi. Wa mu "keen" ndi wautali. Mkokeni ngati mukunena "kiin", milomo itatambasuka ngati mukumwetulira. Mukamudula, womvera amva "kin", liwu lotanthauza achibale. Yeserani mawu awiriwa motsatizana kangapo mpaka khutu lanu limve kusiyana kwake, chifukwa khutu likamva, lilime silivuta.

Chachiwiri: gwirani muzu wake, umene ndi kuthwa

Mukatsegula dikishonale mupeza matanthauzo a "keen" asanu kapena kuposerapo, ndipo mutha kugwa ulesi. Musawaloweze pamtima limodzilimodzi. Onse akuchokera pa ganizo limodzi.

Zaka zoposa 1,000 zapitazo, m'Chingerezi chakale, liwuli linkalembedwa "cene" ndipo linkatanthauza munthu wolimba mtima, wosaopa nkhondo. M'Chijeremani muli m'bale wake, "kühn", amene mpaka lero akutanthauza kulimba mtima komweko. Cha m'ma 1200 Angerezi anayamba kulinena pa mpeni ndi lupanga, kutanthauza chakuthwa. Pofika m'ma 1300 linali litafika pa khumbo la mumtima, ndipo lero limanenedwanso pa maso, pa makutu ndi pa nzeru.

Apa ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi. Timanena kale kuti mpeni wakuthwa, maso akuthwa, mwana wakuthwa m'kalasi. Chimene Chingerezi chawonjezera n'chakuti khumbo nalonso limathwa. Munthu amene ali "keen" si wongofuna chabe ayi. Kufuna kwake ndi konoledwa, kwalunjika pa chinthu chimodzi. Mukasunga chithunzi cha mpeni wonoledwa m'mutu, matanthauzo ena onse adzilongosola okha.

Chachitatu: sankhani kaliwu kotsatira

Apa ndi pamene pagona nkhani, choncho tikhalapo nthawi.

Dziwani kaye kuti "keen" ndi mfotokozi, si mneni. M'Chichewa "kufunitsitsa" ndi mneni, ndiye timanena kuti "ndikufunitsitsa" osasowa liwu lina lothandizira. N'chifukwa chake ophunzira ena amalemba kuti "I keen to go". Chiganizo chimenechi chilibe mneni wochigwira. Pamafunika "am", "is", "are", "was" kapena "were", mwinanso "seem" kapena "look": "I am keen to go", "She seems keen".

Tsopano dzifunseni funso ili musanapitirize chiganizo: kodi ndikunena chinthu chimene ndikufuna kuchita, kapena chinthu chimene ndimakonda?

Ngati ndi chinthu chimene mukufuna kuchita, chimene chili kutsogolo ndipo mtima uli dyokodyoko kuti chichitike, nenani "keen to" kenako mneni wopanda chomata chilichonse. "She is keen to start the course" ndiye kuti akufunitsitsa kuyamba maphunzirowo. "They were keen to meet you" ndiye kuti ankafunitsitsa kukumana nanu. Mneniyo akhale "start", "meet", "learn", osati "starting" kapena "started".

Ngati ndi chinthu chimene mumakonda, chimene chinakulowani m'magazi ndipo mumachichita kawirikawiri, nenani "keen on" kenako dzina. "He is keen on football" ndiye kuti amakonda mpira kwambiri. Mukafuna kutsatiza mneni, mumumate "-ing": "He is keen on swimming", amakonda kusambira.

Ambiri amaloweza lamuloli koma mawa lake n'kuliiwala, chifukwa sanauzidwe chimene chimachititsa. Chochititsa chake chili m'chilankhulo chathu chomwe. M'Chichewa "ku-" amagwira ntchito ziwiri. Mukati "ndikufuna kusambira", liwu loti "kusambira" likunena zimene mukufuna kuchita. Mukati "kusambira kumalimbitsa thupi", liwu lomwelo lasanduka dzina, lakhala mwininkhani wa chiganizo. Chingerezi chinagawa ntchito ziwirizi: chili ndi "to swim" komanso "swimming". Ife tikamaganiza "kusambira", mutu umatipatsa zonse ziwiri nthawi imodzi, ndiye dzanja limalemba zosakaniza monga "keen on to swim" kapena "keen to swimming". Zonsezi n'zolakwika. Kumbukirani kuti "on" ndi mperekezi, ndipo mperekezi amaperekeza dzina. Mneni akafuna kuyenda pambuyo pa "on" ayenera kuvala "-ing" kuti aoneke ngati dzina.

Yerekezani ziganizo ziwirizi. "My sister is keen on teaching" akunena kuti mchemwali wanga amaikonda ntchito ya uphunzitsi. "My sister is keen to teach" akunena kuti akufunitsitsa apatsidwe mpata woti aphunzitse, mwina sanayambe n'komwe. Choyamba chikunena za chikondi chokhalitsa, chachiwiri za khumbo la chinthu chimene chikubwera. Malirewa si a mwala, poti eni chilankhulo nthawi zina amanena "keen on" pa chinthu chongochitika kamodzi, makamaka akamakana. Komabe mukatsatira kusiyanitsaku simudzalakwa.

Pali njira yachitatu imene ambiri saidziwa, koma ndi yothandiza zedi. Nanga ngati mukufunitsitsa kuti wina ndiye achite chinthucho? Pamenepo nenani "keen for", kenako munthuyo, kenako "to" ndi mneni. "My parents are keen for me to study medicine": makolo anga akufunitsitsa kuti ndiphunzire zaudokotala. Onani kuti ndi "me", osati "I". M'kalata za kuofesi mupezanso "keen that": "The director is keen that everyone should attend". Ndi zolondola, koma n'zolemera pakamwa, ndipo pocheza wamba sizimveka kawirikawiri.

Timawu tina tonse tisiyeni. "Keen of" kulibe. "Keen in" kulibenso, ngakhale kuti anthu amalemba chifukwa chozolowera "interested in". "Keen about" mutha kuimva apo ndi apo, koma polemba gwiritsani "on".

Chachinayi: chenjerani potchula munthu

Tsiku lina wophunzira wanga anandionetsa uthenga umene ankafuna kutumiza kwa mkulu wa pantchito pake. Ankafuna kunena kuti amasilira kagwiridwe kake ka ntchito ndipo akufuna kuphunzira kwa iye. Analemba kuti "I am very keen on you". Mwamwayi anali asanautumize.

M'Chingerezi cha ku Britain, kunena kuti "keen on" kenako n'kutchula munthu nthawi zambiri kumatanthauza kuti mtima wagwa pa munthuyo. "He is keen on her" ndiye kuti mnyamatayo wakopeka naye, akumufuna. Sizikhala choncho nthawi zonse: "keen on" wa woimba kapena wolemba mabuku wotchuka amangotanthauza kuti mumakonda ntchito zake. Koma kwa munthu amene mumaonana naye maso ndi maso, musayese. Nenani zimene mukufuna kuchita naye: "I am keen to work with you", "I am keen to learn from you". Mneniyo ndi amene amachotsa chikayiko.

Chachisanu: phunzirani kumva "not keen"

Gawo ili ndi la makutu kuposa la pakamwa. Mngerezi akakuuzani kuti "I'm not very keen on that idea", musaganize kuti akuifuna pang'ono ndipo mukamukakamiza avomera. Wakana. Wangokana mwaulemu, mozungulira, monga mmene munthu amanenera kuti "tiona" pamene mumtima watseka kale chitseko. "I'm not too keen", "I'm not that keen", "She wasn't keen" onsewa ndi "ayi" wovekedwa jekete.

Inunso gwiritsani ntchito njira imeneyi. "I don't like it" imamveka yowuma, mwina ngati mwano pamaso pa munthu amene wakukonzerani chinthu ndi mtima wabwino. "I'm not so keen on it" imanena zomwezo koma osamuchititsa manyazi. Ineyo ndimaona kuti mwa zonse zimene liwuli lingakuchitireni, iyi ndiyo mphatso yaikulu, chifukwa kukana bwino m'chilankhulo chachilendo n'kovuta kuposa kuvomera.

Chachisanu ndi chimodzi: liikeni patsogolo pa dzina

"Keen" likatsogolera dzina la munthu wochita chinthu, limatanthauza kuti amachichita mwakhama komanso mochikonda. "A keen reader" ndi munthu wokonda kuwerenga, "a keen student" ndi wophunzira wakhama, "a keen swimmer" ndi wokonda kusambira. Samalani apa: liwuli silikunena kuti munthuyo ndi katswiri. "A keen singer" akhoza kukhala woimba mosasangalatsa, koma kuimbako amakukonda ndi mtima wonse.

Likatsogolera dzina la chinthu, mpeni uja umabwereranso. "A keen edge" ndi kukamwa kwa mpeni kwakuthwa. "Keen eyesight" ndi maso akuthwa, "a keen sense of smell" ndi mphuno yosaphonya fungo, ngati ya galu. "A keen mind" ndi nzeru zogwira zinthu msanga. "A keen eye for detail" ndi luso loona tinthu ting'onoting'ono timene ena amatidumpha. "A keen wind" ndi mphepo yozizira yolasa mpaka m'mafupa, ndipo "keen competition" ndi mpikisano wa wafawafa. Amalonda a ku Britain amanenanso "keen prices", kutanthauza mitengo yotsitsidwa kuti apose anzawo, osati yokwera monga mmene ambiri amaganizira.

Mawu amodzi oti muwaloweze onse pamodzi ndi "take a keen interest in". Apa "in" ndi wololedwa, chifukwa akutsatira "interest", osati "keen". "She takes a keen interest in science": amatsatira za sayansi mwachidwi kwambiri.

Poyerekeza, nenani "keener" ndi "keenest". Muonjezi wake ndi "keenly", amene amakonda kuyenda ndi mawu monga "aware", "felt" ndi "contested". Dzina lake ndi "keenness", lokhala ndi "n" awiri pakati, mmodzi wa "keen" ndi wina wa "-ness".

Ndingotchulako pang'ono: mukadzawerenga nkhani n'kupeza kuti "the women were keening", musadabwe. Limenelo ndi liwu lina, lochokera m'chilankhulo cha ku Ireland, ndipo limatanthauza kulira maliro mokweza. Malembo okha ndi amene akufanana. Ndiye musalembe "I am keening to see you" poganiza kuti mukuonetsa kufunitsitsa.

Chachisanu ndi chiwiri: lisiyanitseni ndi anzake

Mnzake wapamtima wa "keen" ndi "eager". N'zochititsa chidwi kuti nalonso linachokera ku kuthwa. Linalowa m'Chingerezi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1200 kuchokera ku liwu la Chifalansa loti "aigre", lotanthauza chowawasa, limene gwero lake ndi liwu la Chilatini loti "acer", chakuthwa. "Aigre" yemweyo ndi amene ali kumapeto kwa "vinegar", vinyo wowawasa. Potchula, "g" wake ndi wa mu "galu", ndipo musamalize ndi "l", chifukwa "eagle" ndi chiwombankhanga. Poti kwa ife "l" ndi "r" amalowana, apa pamafunika kusamala.

Kusiyana kwake n'kotani? "Eager" ali ndi changu, ngati mwana amene sakukhazikika podikira tsiku lotsegulira mphatso. Amayang'ana chinthu chimene chatsala pang'ono kuchitika. "Keen" ndi wodekha, ndipo akhoza kukhala zaka zambiri. Munthu amakhala "keen on music" moyo wake wonse, koma amakhala "eager to hear the new song" sabata imodzi. "Eager" amayenda ndi "to" kapena "for": "eager to help", "eager for news". Sayenda ndi "on" ngakhale pang'ono.

Dziwaninso amene mukulankhula naye. "Keen to" ndi "keen on" n'zofala kwambiri ku Britain, Australia ndi New Zealand. Anthu a ku America amazimva bwinobwino koma sazinena kawirikawiri. Iwo amakonda "eager to", "excited about" kapena "really into". Ngati kalata yanu ikupita ku London, "keen" ali kwawo. Ngati ikupita ku New York, "eager" amveka bwino. Koma "keen interest" ndi "keen eye" zimagwira ntchito konsekonse.

"Anxious" amasokoneza ambiri. "Anxious to" akhoza kutanthauza kufunitsitsa, koma amanyamula kankhawa. "I am anxious to hear the results" ndiye kuti ndikufuna kumva zotsatira, koma mtima uli m'mwamba. Ngati mulibe mantha, musamugwiritse ntchito. "Willing" ndi wozizira: akungotanthauza kuti simukukana. "Interested" ali pakati. "Desperate" wapsa kwambiri, ndi wa munthu amene wathedwa nzeru. Mukawandandalika kuyambira wozizira mpaka wotentha, ayenda chonchi: "willing", "interested", "keen", "eager", "desperate".

Chachisanu ndi chitatu: lilembeni m'kalata

Ndawerenga makalata ambiri ofunsira ntchito olembedwa kuti "I am willing to work for your company". Wolembayo amaganiza kuti waonetsa kudzichepetsa, koma wowerenga amamva ngati munthuyo akuti "ngati palibe wina, ndibwera". Apa ndi pamene "keen" amagwira ntchito yake yeniyeni, chifukwa amaonetsa khumbo popanda kupempha mogwada.

Chitani motere. Lembani "I am keen to", tsatizani mneni wonena chinthu chenicheni, kenako perekani chifukwa. "I am keen to join your team because I have worked with similar systems for three years." Khumbo lopanda chifukwa limamveka ngati mawu ongokopera. Ligwiritseni ntchito kamodzi m'kalata yonse, mukachulutsa kawiri. Mpeni wosemera chilichonse suchedwa kubuntha.

Mukafuna kulikometsa, nenani "very keen", "particularly keen" kapena "especially keen". Pocheza mutha kunena "really keen". Koma chonde musalembe "too keen". Liwu lathu loti "kwambiri" limagwira pa zabwino ndi pa zoipa pomwe, ndiye ambiri amaganiza kuti "very" ndi "too" n'chimodzimodzi. Ayi ndithu. "Too" amatanthauza mopitirira muyeso. "He is too keen" ndi chidzudzulo: munthuyo akujijirika, ali ndi phuma, mpaka anzake akutopa naye. "Much keen" nayenso kulibe, ngakhale kuti "much keener" ndi wolondola poyerekeza anthu awiri.

Chomaliza: yeserani

Tengani pepala. Lembani zinthu zitatu zimene mumakonda, chilichonse ndi "keen on". Lembani zitatu zimene mukufuna kuchita chaka chino, ndi "keen to". Lembani chimodzi chimene mukufunira mwana wanu kapena mnzanu, ndi "keen for". Pomaliza kanani chinthu chimodzi mwaulemu ndi "not very keen on". Ziwerengeni mokweza, mukukoka "i" uja.

Kenako konzani ziganizo zisanu izi musanaone mayankho:

1. She is keen on to travel.
2. We are keen to hearing from you.
3. I am too keen to attend the interview.
4. He is eager on football.
5. I am keen on my new supervisor.

Choyamba chili ndi mayankho awiri, malinga ndi zimene mukufuna kunena. Ngati amakonda maulendo, ndi "keen on travelling". Ngati akufuna kunyamuka ulendo, ndi "keen to travel". Chachiwiri chikhale "keen to hear from you". Ambiri amalakwa apa chifukwa chozolowera "looking forward to hearing from you", pamene "to" ndi mperekezi ndipo amafuna "-ing". "To" wa "keen to" ndi wina, safuna chomata. Pa chachitatu chotsani "too" muikepo "very". Pa chachinayi, "eager" sangayende ndi "on", choncho bwezeretsani "keen".

Chachisanu chilibe cholakwika chilichonse pa malamulo a chilankhulo, ndipo kompyuta yoona zolakwika ichilola kudutsa. Koma ngati mumafuna kunena kuti bwana watsopanoyo mukugwira naye ntchito bwino, lembani "I enjoy working with my new supervisor", kapena "I am keen to learn from my new supervisor".